Sukulu ya Ana a Fumbi

Alangizi a zaumoyo anachenjeza, koma mawu awo anangopita ndi madzi otayikira pampopi.

Linali Loweruka m'mawa, amayi a mumzere wa nyumba za lendi atandanda ndi ndowa zawo. Nkhani inali imodzi: sukulu ya kumiyala yatha. Chitsegulireni malo ophwanyira miyala kuseri kwa tauni, kunabwera mabanja ambiri ochokera kutali, ndipo ana awo analowa pasukulu yapafupiyo. Anali ana afumbi m'mutu, ena olankhula zilankhulo zachilendo. Amayi a mumzerewo anali atapangana zosamutsira ana awo kusukulu ya kumtunda, kutsidya kwa mtsinje, komwe kunkaphunzira ana a makalaliki ndi a eni masitolo.

"Amayi inu, sukulu sasankha ndi makutu," anatero alangizi akutsuka ndowa yawo. "Ine ndimalowa m'sukulu zonse ziwiri kukapereka mankhwala a njoka za m'mimba. Musanasamutse mwana, pitani mukalowe m'kalasi, mukaone nokha. Mukathamangira kumodzi nonse, mukapondana."

"Alangizi, inu dziwani za njoka zanuzo, za ana athu tisiyireni," anayankha mayi wogulitsa makala, ndipo mzere wonse unaseka.

Make Wailesi sanaseke, komanso sanamvere. Anali mayi wachitsikana woluka tsitsi pakhonde, wamantha pa chilichonse chokhudza mwana wake mmodzi yekhayo. Mwana akatsokomola kamodzi, iye chakudya chinkamukanika. Sukulu anaisiyira ku sekondale, mayeso omaliza atayandikira, ndipo chilonda chimenecho chinali chisanapole. Ankati mumtima mwake: pomwe ndinalekezera ine, wanga adzapitirira. Tsono atamva kuti sukulu yapafupi yawonongeka, sanafunsenso kuti wanena ndani.

Dzina loti Wailesi linachokera kwa bambo ake, kalipentala, chifukwa kamtsikanako kakangodzuka kankayamba kuulutsa nkhani: mphaka wa aneba wagona mu beseni, agogo a pagolosale ameta ndevu, mwezi dzulo unali woduka. Munthu sukanatha kukazimitsa.

Kumtunda kunali kutali kwa miyendo ya mwana wa Sitandade 2. Panali mlatho wopapatiza ndi msewu waukulu wa malole. Choncho anagwirizana kuti Wailesi azikhala kwa azakhali ake, alongo ake a kalipentala, ogulitsa nsalu, omwe nyumba yawo inagundana ndi mpanda wa sukuluyo. Kunyumba azibwera Lachisanu.

Nyumba inazizira. Make Wailesi ankaluka tsitsi la anthu, koma makutu ali kukhomo. Lachisanu likafika, ankamuyang'ana mwanayo kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Sanaonde, analibe chilonda, azakhali ankamusambitsa bwino. Koma panali zina zazing'ono zomwe maso a mayi okha ndiwo akanaziona. Diresi la yunifolomu linkada kumbuyo kokha. Lolemba m'mawa ankakana tiyi, ngakhale madzi. Ndipo nkhani zija zinachepa, kenaka zinatheratu.

"Wailesi yathu yatha mabatire," anatero kalipentala tsiku lina. "Ndiko kukula kumeneko. Sukulu yabwino imaphunzitsa ulemu."

Loweruka lina masana anamuitana mwanayo kuti awawerengere. Wailesi anatsegula buku lake, n'kuyamba ndi mawu oimba: "Galu wanga ndi wakuda. Galu wanga amakonda fupa. Galu wanga amalondera nyumba."

Kalipentala anaomba m'manja. "Mwamva, amayi? Kumtunda n'kumtunda."

Koma make Wailesi sankamvera mawuwo. Ankayang'ana maso a mwana. Masowo sanali pabuku, anali kudenga. Anatenga pensulo yomwe mwamuna wake amaipachika kukhutu, natola kachidutswa ka thabwa, nalembapo zilembo zikuluzikulu: galu.

"Apa ndalemba kuti chiyani, mwanangu?"

Wailesi anayang'ana thabwalo nthawi yaitali. Kenaka anayambanso: "Galu wanga ndi wakuda..."

"Ayi, liwu limodzi lokhali."

Misozi inagwera pathabwa. "Amayi, ine ndimangotsatira anzanga."

"Nanga pabolodi suona zomwe aphunzitsi alemba?"

"Ndimaona misana."

Kalipentala anatenga pensulo yake, kuibweza kukhutu, n'kutuluka. Make Wailesi anamukumbatira mwanayo, ndipo ali chomukumbatira anafunsa za tiyi uja. Yankho linabwera chonong'ona: kuchimbudzi kumakhala mzere, aakulu amakankha aang'ono, ndiye bola osamwa kanthu.

Lolemba, atamuperekeza mwana kwa azakhali, anapita kwa alangizi. Anayenda akukonza mawu opepesera, akuyembekezera kumva kuti "ndinanena ine." Alangizi sananene zimenezo. Anamupatsa mpando, namvetsera mpaka kumapeto.

"Mawa ndikupita kumiyala ndi mankhwala," anatero. "Tiyeni limodzi, mukandinyamulire bokosi."

"Kodi amalola munthu wamba kulowa?"

"Kholo si munthu wamba pasukulu ya boma. Sukuluyo ndi yanu. Mumangoyamba kwa ahedi kupereka moni."

M'mawa mwake make Wailesi anavala ngati akupita kuchipatala kukamva zotsatira. Sukuluyo inali pafupi kwambiri moti anachita manyazi kuti chikhalireni mumzere uja anali asanapondemo. Kunja sinali yokongola. Utoto unali utasuwa, mawindo ena otsekedwa ndi makatoni. Koma kuchokera pageti mpaka pakhomo la kalasi lililonse panali tinjira toyalidwa miyala yosweka bwino, ndipo pabwalo panalibe matope.

Ahedi anali bambo wamtali, wadazi, wa choko m'manja mwa malaya. Atamva kuti mlendoyo ndi wa mumzere wa nyumba za lendi, anamwetulira.

"Ndinu oyamba kubwera kudzationa. Anzanu anangotumiza ana kudzatenga makalata osamukira. Tiyeni, ndiyambe kukuonetsani zoipa, kuti musadzati ndinakubisirani."

Anamuonetsa zimbudzi za atsikana, ziwiri zilibe zitseko, atangotchingapo matumba. Anamuonetsa kabati ya mabuku yomwe theka lake linali lopanda kanthu. Kenaka anamulowetsa mu Sitandade 2, namukhazika pabenchi kumbuyo.

Make Wailesi anakhala ndi chikwama pamiyendo, maso akuyendayenda monga mwa chizolowezi chake. Ana anali m'timagulu pansi, gulu lililonse ndi mulu wa zitsekerero za mabotolo zolembedwa zilembo. Mphunzitsi, mayi wamfupi wonenepa, sanali kutsogolo. Anali atagwada pakati pa ana, akusuntha ndi mawondo kuchoka gulu lina kupita lina. Mwana aliyense ankamuitana ndi dzina lake. Kamtsikana kena katsopano, komwe chilankhulo cha m'kalasi chinali chisanakalowe, kanali ndi mnzake pambali womasulira, ndipo katalumikiza zitsekerero zinayi n'kutchula liwu, gulu lonse linakaombera m'manja. Fumbi linalipodi, m'tsitsi ndi m'mapazi. Koma maso a ana onse anali pansi, pa zilembo.

Atatuluka, anafunsa funso lomwe linkamuvuta. "Nanga bwanji anthu amati ana kuno amalephera mayeso?"

"Ena amalepheradi," anatero ahedi. "Ana ambiri a kumiyala amafika pakati pa chaka, ena atakhala nthawi yaitali osaponda m'kalasi chifukwa cha kusamukasamuka kwa makolo. Akalephera chaka choyambacho, mbiri imamveka kuti sukulu yaola. Koma funso labwino ndi lakuti, mwanayo analowa akudziwa chiyani, ndipo pano akudziwa chiyani? Chimene chingatiphe ife si ana obwera, mayi. Ndi ana ochoka. Ana akachepa, adzatichotsera aphunzitsi, ndipo pamenepo zomwe munkaopazo zidzachitikadi."

"Ndiye munthu ungadziwe bwanji kuti sukulu ndi yabwino?"

"Lowani m'kalasi. Onani ngati mphunzitsi amamudziwa mwana wanu. Onani pomwe amakhala, ngati akuona ndi kumva. Onani kuchimbudzi ndi pamadzi. Kunyumba mulozereni liwu awerenge. Zikakhala kuti sizili bwino, bwerani mu komiti ya makolo mudzatikalipire. Ndi ufulu wanu, ndipo ife timaufuna."

Pafupi ndi geti panali mayi wina akuthira madzi mu mgolo wosambira m'manja. Manja ake anali okhakhala, zala zomangidwa tinsanza. Ahedi anati ameneyo ndi wa mu komiti, ndipo ndi gulu lake lomwe linayala miyala ija popanda malipiro.

"Ndinu oluka tsitsi aja?" anafunsa mayiyo. "Wanga amangolira ndi tsitsi la mwana wanu, lija la mikanda. Koma timaopa kubwera. Timati mwina mutinyansidwa, poti ndife a fumbi."

Make Wailesi anasowa poyang'ana. "Mudzabwere naye," anatero motsitsa mawu.

"Tidzayamba tasamba," anaseka mayiyo. "Fumbi limachoka ndi madzi, asisi."

Madzulo ake anamupeza mwamuna wake kushedi akupala thabwa, utuchi uli m'nsidze. Anamufotokozera zonse, kuyambira pa zitsekerero mpaka pa matumba a kuchimbudzi. Kalipentala anamvetsera osasiya kupala.

"Nanga alongo anga adzati chiyani? Adzati tawayesa osatha kusunga mwana. Ndipo mumzere muno adzatiseka. Anzathu akukwera, ife tikutsika."

"Abambo, ine kusekedwa ndinakuzolowera tsiku lomwe ndinasiya sukulu. Koma mwana uja akuloweza nyimbo ya galu. Akafika Sitandade 4 adzaimba chiyani?"

Kalipentala anaika chopalira pansi. Anayang'ana kachidutswa ka thabwa kaja kolembedwa kuti galu.

"Tinalakwa kamodzi posankha ndi makutu," anatero. "Tisabwereze. Kumiyala mwakuona. Pitani mukaonenso kumtunda, mulowe ndithu m'kalasi mwake. Mukapeza monga akunenera mwanayo, musachite kudzandifunsa. Mubwere naye." Anatolanso chopalira, kenaka anapukusa mutu. "Zimbudzi zopanda zitseko, kalipentala ali pompano. Amenewo akundinyoza."

Lachinayi make Wailesi anawoloka mlatho. Sukulu ya kumtunda inali yokongoladi: mpanda wa njerwa, maluwa pakhomo la ofesi, chikwangwani chowala. Ahedi a kumeneko anamulandira bwino ndi kumulozera kalasi. Asanafike n'komwe anamva mawu ngati a mpingo waukulu: "Galu wanga ndi wakuda."

Anaima pakhomo chifukwa polowera panalibe. Ana anali atadzaza kuyambira pansi pa bolodi mpaka kukhoma la kumbuyo, ena pamadesiki atapanikizana, ena pansi, ena pamawindo. Anaona mwana wa mayi wa makala uja, ndi ena a mumzere wawo. Mphunzitsi, mayi wowonda wa nkhope yotopa, anabwera pakhomo, mawu ake atasasa.

Make Wailesi anatchula dzina la mwana wake la kusukulu. Mphunzitsiyo anakwinya pamphumi, nayang'ana m'kalasi, nabwereza dzinalo.

"Ali m'kalasi mwanga?"

Sanafunse mwamwano. Anafunsa ngati munthu amene akudziwa kuti yankho limupweteka. Make Wailesi anasuzumira yekha, akufufuza mutu umodzimodzi. Anamupeza kuseri kwa chitseko, pomwe amasungira masache, atakhala pansi, mawondo pachifuwa, milomo ikugwedera pamodzi ndi anzake, maso ali kudenga.

"Pepani, mayi," anatero mphunzitsi uja. "Ine ndi mnzanga wa kumiyala uja tinaphunzira ntchito limodzi. Kusiyana kwathu n'kwakuti iye amatha kufika pa mwana aliyense. Ine kuti ndifike kumbuyoko ndiyenera kuponda ana. Tauni yonse inathawira kuno, koma zipinda sizinaberekane."

"Ndikamuchotsa mudzakhumudwa?"

"Ngati kuli kwabwino kufupi ndi kwanu, mutengeni. Mwathandiza wanu, mwathandizanso otsalawa."

Kalata yosamukira ahedi anamulembera masana omwewo. Chinatsala chinali chovuta koposa, kulankhula ndi alamu.

Anawapeza akupinda nsalu pakhonde, dzuwa litapendeka. Atamva nkhaniyo, manja awo anaima.

"Mlamu, ndamusunga molakwika mwanayu?"

"Ayi, alamu. Mwamusunga kuposa ine. Taonani masayawa. Ndalakwa ndine, ndinamutumiza kumalo komwe sindinakuone. Safunsa anadya phula."

Azakhali anapinda nsalu ina, kuifunyulula, kuipindanso. "Nanenso ndili ndi langa," anatero. "Sukuluyi ili kuseri kwa nyumba yanga, koma ndimangomva kuimba, ndimvekere ana akuphunzira. Ndipo mwanayu madzulo aliwonse amaima pawindo lija kuyang'ana kutsidya. Ndimati azolowera." Anapukuta maso ndi ngodya ya nsalu yogulitsa, kenaka anaikalipira nsaluyo ngati ndiyo yalakwa. "Lero mugone konkuno. Malole a madzulo sindiwakhulupirira."

Make Wailesi anamukhazika mwana pakati pa miyendo yake n'kuyamba kumumasula tsitsi kuti amuluke latsopano. Akuluka, anamuuza za sukulu ya kumiyala, za tinjira ta miyala, za zitsekerero za mabotolo, za mphunzitsi woyenda ndi mawondo.

Wailesi anafunsa, "Mawondo ake sang'ambika?"

"Kaya. Ukamufunse wekha."

"Zitsekererozo ndi za mtundu wanji? Ine ndili nazo zitatu, china chofiira. Ndinazitola kuseri kwa chitseko. Kuseri kwa chitsekoko kuli kangaude, amayi, wamiyendo yaitali, ali ndi ana. Tsiku lina tsache linagwera mnzanga pamutu, aphunzitsi osaona. Ndipo azakhali akagona amaliza mkonono ngati lole ikukwera mtunda, ndipo..."

Azakhali anasuzumira pakhomo, chikho chili m'manja. "Kodi iyi ndi wailesi ija munkanena? Ine ndimayesa munandipatsa yakufa."

Onse anaseka, make Wailesi misozi ili m'maso, zala zili m'tsitsi. Mwanayo anapitiriza kuulutsa, ndipo palibe amene anamuletsa. Atamva ludzu, anapempha madzi, namwa chikho chonse.

Foni inalira. Anali alangizi, kufunsa kuti zayenda bwanji. Anati nkhani ya mwana woona misana m'malo mwa bolodi yafika pampopi, ndipo mayi wa makala ndi anzake awiri avomera kukaona kumiyala mawa m'mawa. Anatinso kalipentala waoneka akulowa pageti la sukulu ya kumiyala ndi tepi yoyezera.

Make Wailesi anaika foni pansi, namaliza mzere wotsiriza wa tsitsi. Tsopano ankadziwa chimene akanawauza amayi a pampopi. Sukulu sitiiyesa ndi mbiri yake, kapena ndi zovala ndi chilankhulo cha ana ophunzirapo. Mwana wa mlendo sawononga sukulu. Kholo lipite likaone lokha, lifunse mafunso, limve mwana akuwerenga, ndipo pomwe pali poperewera lithandize kukonza m'malo mothawa. Sukulu ya boma ndi ya tonse, ndipo imakhala yabwino makolo akamalowamo.

"Mawa ndi Lachisanu kale," anatero azakhali. "Bwanji amalize sabata, akayambe Lolemba?"

Make Wailesi anayang'ana mwana wake, amene anali atayala zitsekerero zake zitatu pa mkeka, akuzifotokozera komwe zikupita.

"Kuseri kwa chitseko wakhalako mokwanira, alamu. Tilawira kusanache, malole asanadzuke. Ndikufuna belu la kumiyala likamalira, likatipeze tili pageti."

Anatenga kachikwama ka mwanayo, nayamba kupindiramo zovala.